Frank Beaurepaire

Sir Francis Joseph Edmund Beaurepaire (13 Meyi 1891 – 29 Meyi 1956), wodziwika ndi dzina loti Frank Beaurepaire, anali katswiri wosambira wa ku Australia, mwini kampani ya matayala komanso mfumu ya mzinda wa Melbourne. Anapikisana nawo pa Masewera a Olimpiki katatu, mu 1908, 1920 ndi 1924, ndipo anapata mamendulo 6, atatu a siliva ndi atatu a buronzi. Pakati pa Olimpiki yake yoyamba ndi yachiwiri panadutsa zaka 12. M'zaka zimenezo analetsedwa kupikisana, anapita ku nkhondo ndipo anadwala kwambiri, koma atabwerera m'madzi ali ndi zaka 29 anapatanso mamendulo ena anayi. Pa chifukwa chimenechi amawerengedwa m'gulu la osambira oyambirira amene anaonetsa kuti munthu wamkulu angathe kubwerera mu mpikisano atasiya kwa nthawi yaitali.

Ubwana ndi maphunziro

Beaurepaire anabadwira ku Melbourne, m'dera la Victoria, lomwe pa nthawiyo linali lisanaphatikizane ndi madera ena kupanga dziko la Australia. Anali mwana wamwamuna woyamba wa Francis Edmund de Beaurepaire ndi Mary Edith Inman. Bambo ake anagwirapo ntchito zosiyanasiyana, monga ya m'sitima zapamadzi ndi ya ukondakitala, ndipo pambuyo pake ankayendetsa hotela. Frank anaphunzira pa sukulu ya boma ya Albert Park, kenako pa Wesley College.

Olemba mbiri yake amanena kuti anayamba kusambira ali ndi zaka zinayi, pomwe bambo ake anamumanga chingwe m'chiuno ndi kumuponya m'madzi pamalo osambirira a ku South Melbourne. Ali ndi zaka 10 anadwala rheumatic fever, matenda otupitsa mfundo za mafupa omwe nthawi zambiri amasiya chilema pa mtima, ndipo anadwala pafupifupi chaka chathunthu. Atachira anabwerera kumadzi. Munthu amene anamulimbikitsa kwambiri anali Tommy Horlock, wometa tsitsi wa ku South Melbourne, yemwe anadzakhala mphunzitsi wake.

Mu 1906, ali ndi zaka 14, anapambana mipikisano ya dera la Victoria pa mtunda wa mayadi 220 ndi 440. Yadi imodzi imachepera pang'ono pa mita imodzi, ndipo ndi muyeso umene mayiko a ulamuliro wa Britain ankagwiritsa ntchito pa nthawiyo. Mu 1908 anapambana mipikisano ya dziko lonse la Australia pa mayadi 440, mayadi 880 ndi pa mailo imodzi, zomwe zinamupatsa malo mu timu yopita ku Olimpiki.

Olimpiki ya ku London, 1908

Pa masewera a mu 1908, Australia ndi New Zealand anatumiza timu imodzi yotchedwa Australasia. Beaurepaire anapita ku London pa sitima yapamadzi limodzi ndi Horlock. Anafika ndi ndalama zochepa, ankachita zokonzekera m'maiwe ozizira a ku Highgate, ndipo masewera atayandikira anadwala chimfine chachikulu.

Mipikisano yosambira inachitikira m'dziwe lotalika mamita 100 lomwe linamangidwa m'kati mwa bwalo la White City. Beaurepaire, ali ndi zaka 17, anakhala wachiwiri pa mamita 400 pambuyo pa Henry Taylor wa ku Britain. Pa mamita 1,500 anakhala wachitatu, kumbuyo kwa Taylor yemweyo ndi Sydney Battersby. Timu ya Australasia inathera pa nambala 4 pa mpikisano wolandizana wa anthu anayi, momwe aliyense amasambira mamita 200.

Mu 1910 anayendera mayiko a ku Europe ndipo anapambana mipikisano yonse 41 yomwe analowa. Paulendowu anaphwanya marekodi a dziko lonse pa mitunda ingapo, kuphatikizapo mamita 200, 300 ndi 500. Pofika apa ambiri ankamuona ngati mmodzi wa omwe adzatenge golide pa Olimpiki yotsatira, ya ku Stockholm mu 1912.

Kuletsedwa kupikisana

Mu 1911 Beaurepaire analembedwa ntchito ndi dipatimenti ya maphunziro ya boma la Victoria monga mlangizi wophunzitsa kusambira m'masukulu. Ntchito imeneyi ndi yomwe inamutsekera khomo la ku Olimpiki.

Pa nthawiyo masewera a Olimpiki anali a anthu okhawo amene sapeza ndalama kudzera m'masewera, omwe m'Chingerezi amatchedwa amateur. Lamuloli linachokera ku Britain, komwe anthu olemera ankaona masewera ngati chosangalatsa cha pa nthawi yopuma, osati ntchito. Aliyense wolandira malipiro okhudzana ndi masewera ankatengedwa kuti ndi wantchito, ndipo sankaloledwa kupikisana ndi enawo. Lamuloli linkapweteka kwambiri ana a anthu wamba, omwe ankayenera kugwira ntchito kuti adye. Akuluakulu oyendetsa masewera osambira anagamula kuti popeza Beaurepaire ankalandira malipiro pophunzitsa ana kusambira, iye sanalinso amateur, ngakhale kuti sanalandirepo ndalama chifukwa chopambana mpikisano. Wothamanga wa ku America, Jim Thorpe, anakumana ndi lamulo lomweli mu 1913, pomwe analandidwa mamendulo ake a golide a mu 1912 chifukwa anali atalipidwapo posewera baseball.

Beaurepaire sanapite ku Stockholm. Kumeneko timu ya Australasia, momwe munali Cecil Healy, Malcolm Champion, Leslie Boardman ndi Harold Hardwick, inatenga golide pa mpikisano wolandizana wa mamita 200. Akanaloledwa, iye akanakhala ndi mwayi waukulu wokhala mu timuyi ali ndi zaka 21, msinkhu umene osambira ambiri amakhala pa chimake cha mphamvu zawo. Mendulo ya golide ya Olimpiki sanadzaipatenso moyo wake wonse.

Mu 1914 bungwe loyendetsa masewera osambira pa dziko lonse la FINA, lomwe lero limatchedwa World Aquatics, linachotsa chiletsocho. Linaona kuti ntchito yake inali ya uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, osati yopikisana molipidwa. Koma chaka chomwecho kunabuka Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ndipo Olimpiki ya mu 1916, yomwe imayenera kuchitikira ku Berlin, inalephereka.

Zaka za nkhondo

Mu 1915 Beaurepaire anakwatira Myra McKay, ndipo anabereka ana awiri, mwamuna ndi mkazi. Analowa usilikali wa dziko la Australia koma anachotsedwamo atadwala kwambiri matenda a apendikisi. Atapezako bwino anapita kutsidya la nyanja kudzera ku bungwe la YMCA, lomwe linkasamalira umoyo wa asilikali powakonzera malo opumira, masewera ndi zina zowatsitsimula. Anagwira ntchito imeneyi ku England ndi ku France, pafupi ndi kumene kunkachitikira nkhondo. Kumeneko anapuma utsi wa poizoni umene magulu ankhondo ankaponyerana, komanso anadwala malungo ofalitsidwa ndi nsabwe omwe ankasautsa asilikali m'maenje obisalamo. Anabwerera kwawo ali wofooka.

Nkhondoyi inatenga ambiri a msinkhu wake. Cecil Healy, mmodzi wa anayi omwe anatenga golide ku Stockholm, anaphedwa ku France mu Ogasiti 1918, patatsala miyezi yosakwana itatu kuti nkhondo ithe.

Kubwerera mu mpikisano

Nkhondo itatha, Beaurepaire anali atatha zaka pafupifupi 9 osapikisana pa mipikisano ikuluikulu ya mayiko. Zopinga zinali zingapo.

Choyamba chinali thanzi. Mpikisano wa mamita 1,500 umatenga mphindi zoposa 20 pa liwiro la nthawi imeneyo, ndipo umadalira kwambiri mtima ndi mapapo. Iye anali atadwala matenda okhudza mtima ali mwana, kenako utsi wa poizoni ali wamkulu.

Chachiwiri chinali msinkhu ndi udindo. Osambira ambiri a m'zaka zimenezo ankasiya mpikisano akangoyamba ntchito kapena kulowa m'banja, popeza masewerawo analibe malipiro. Beaurepaire anali ndi banja loti alisamale, choncho zokonzekera zake zinkachitika pa nthawi yotsala akaweruka.

Chachitatu chinali kusintha kwa kasambiridwe. Pamene iye ankayamba, osambira mitunda italiitali ankagwiritsa ntchito njira yotchedwa trudgen, momwe manja amatuluka m'madzi mosinthana koma miyendo imatseguka ndi kutsekeka ngati sizasi. M'zaka zomwe iye anali kunja, njira ya crawl, momwe miyendo imamenya madzi mofulumira mosalekeza, inafala kwambiri, makamaka kwa osambira a ku America ndi a ku Hawaii. Wobwerera aliyense ankapeza kuti liwiro lomwe linali lokwanira kupambana kale silinalinso lokwanira.

Chachinayi chinali mtunda. Ulendo wa pa sitima kuchokera ku Australia kupita ku Europe unkatenga milungu yoposa isanu, ndipo nthawi yonseyo wosambira analibe malo abwino okonzekerera.

Ngakhale zinali choncho, Beaurepaire anachita bwino pa mipikisano ya kwawo ndipo anasankhidwa kupita ku Olimpiki ya mu 1920.

Antwerp, 1920

Masewera a mu 1920 anachitikira ku Antwerp m'dziko la Belgium, lomwe linali litangowonongedwa ndi nkhondo. Malo osambirira anakonzedwa mu ngalande ya madzi yozungulira malinga akale a mzindawo. Madzi ake anali akuda komanso ozizira kwambiri, ndipo osambira ambiri anadandaula nawo.

Ulendo uno Australia inapikisana payokha popanda New Zealand, ndipo inatumiza anthu 13 okha. Mkazi yekhayo mu timuyi anali Lily Beaurepaire, mlongo wake wa Frank, yemwe anapikisana pa kusambira ndi pa kudumphira m'madzi.

Frank anakhala wachitatu pa mamita 1,500, kumbuyo kwa Norman Ross wa ku America ndi George Vernot wa ku Canada. Pa mpikisano wolandizana wa mamita 200, iye pamodzi ndi Henry Hay, William Herald ndi Ivan Stedman anatenga siliva pambuyo pa timu ya America. Australia inapata mamendulo atatu okha pa masewera onsewo, ndipo awiri mwa iwo anali ndi dzina la Beaurepaire.

Sanali yekha wobwerera. Henry Taylor, yemwe anamugonjetsa ku London, analinso ku Antwerp ali ndi zaka 35, ndipo anatenga buronzi ndi timu ya Britain pa mpikisano wolandizana womwewo. Duke Kahanamoku wa ku Hawaii, yemwe anapambana mamita 100 mu 1912, anapambananso mtunda womwewo mu 1920.

Ngozi ya ku Coogee

Mu Febuluwale 1922, pa gombe la Coogee mu mzinda wa Sydney, nsomba yolusa ya shaki inaluma mnyamata wa zaka 18, Milton Coughlan. Jack Chalmers, mmodzi wa opulumutsa anthu m'madzi, anadzimanga chingwe ndi kusambira kukamutenga, ndipo Beaurepaire analowa m'madzimo kukathandiza kuwatulutsa. Coughlan anamwalira ndi mabala ake atafika kuchipatala. Chalmers anapatsidwa mendulo ya Albert, pomwe Beaurepaire analandira mendulo ya golide ya ulemu kwa opulumutsa moyo ndi mphoto ya mapaundi 550. Ndalama zimenezi zinamuthandiza pa mpamba wa bizinesi yake ya matayala.

Paris, 1924

Beaurepaire anapita ku Olimpiki yake yomaliza ali ndi zaka 33. Ku Paris mipikisano inachitikira m'dziwe la Tourelles, lotalika mamita 50, lokhala ndi zingwe zolekanitsa njira za osambira. Kameneka kanali koyamba kuti Olimpiki igwiritse ntchito dziwe la mtundu umene ukugwiritsidwa ntchito mpaka lero.

Pa mamita 1,500 anapikisana ndi mnzake wa ku Australia, Andrew Charlton, wodziwika kuti Boy Charlton, yemwe anali ndi zaka 16. Pamene Beaurepaire ankalandira mamendulo ake oyamba ku London, Charlton anali khanda losakwana chaka. Charlton anatenga golide ndi rekodi yatsopano ya dziko lonse, Arne Borg wa ku Sweden anatenga siliva, ndipo Beaurepaire anatenga buronzi kachitatu pa mtunda umenewu. Pa mpikisano wolandizana, iye, Charlton, Moss Christie ndi Ernest Henry anatenga siliva pambuyo pa timu ya America, momwe munali Johnny Weissmuller.

Nthawi zomwe anasambira pa mamita 1,500 zikuonetsa mmene kubwerera kwake kunayendera:

London, 1908, ali ndi zaka 17: mphindi 22 ndi masekondi 56.2
Antwerp, 1920, ali ndi zaka 29: mphindi 23 ndi masekondi 4.0
Paris, 1924, ali ndi zaka 33: mphindi 21 ndi masekondi 48.4

Ku Antwerp, atangobwerera kumene, anachedwa ndi masekondi pafupifupi 8 poyerekeza ndi ali mnyamata. Patapita zaka zina zinayi anafulumira ndi mphindi yoposa imodzi kuposa nthawi yake ya ku London. Nthawi yake ya ku Paris ikanamupatsa golide mu 1908 ndi mu 1920 momwe, popeza Taylor anapambana ndi mphindi 22 ndi masekondi 48.4, ndipo Ross ndi mphindi 22 ndi masekondi 23.2. Maiwe atatuwa anali osiyana kutalika ndi kuzizira kwa madzi, choncho nthawizi sizingafanizidwe ndendende, komabe zikusonyeza kuti msinkhu sunamubweze m'mbuyo. Chomwe chinasintha kwambiri chinali liwiro la anzake: Charlton anamaliza ndi mphindi 20 ndi masekondi 6.6.

Pa moyo wake wonse wa mpikisano Beaurepaire anapambana ukatswiri wa dziko la Australia ka 34. Chiwerengerochi chinakhala chosapitiriridwa mpaka mu 2000, pomwe Susie O'Neill anachidutsa.

Bizinesi

Mu 1922 anatsegula malo okonzera ndi kugulitsa matayala ku Melbourne otchedwa Beaurepaire Tyre Service. Inali nthawi imene magalimoto ankachuluka mofulumira ku Australia, ndipo bizinesiyi inakula n'kukhala ndi nthambi zambiri. Mu 1933 anakhazikitsa kampani ya Olympic Tyre and Rubber Company, yomwe inayamba kupanga matayala pa fakitale yake ku Footscray chaka chotsatira. Pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse kampaniyi inayambanso kupanga nthambo za magetsi. Dzina la Beaurepaires linakhalabe pa masitolo a matayala m'dziko lonselo kwa zaka zambiri iye atamwalira.

Ndale ndi ntchito zothandiza anthu

Beaurepaire anasankhidwa kukhala khansala wa mzinda wa Melbourne mu 1928 ndipo anakhala pa udindowu mpaka imfa yake. Anali mfumu ya mzindawu kuchokera mu 1940 mpaka 1942, nkhondo ili m'kati, ndipo anatsogolera ntchito zosonkhetsa ndalama zothandizira asilikali ndi mabanja awo. Mu 1942 anapatsidwa ulemu wa Sir. Kuchokera mu 1942 mpaka 1952 anali phungu wa chigawo cha Monash m'nyumba yapamwamba ya malamulo ya Victoria.

Ntchito yophunzitsa ana kusambira, yomwe inamuletsetsa kupita ku Stockholm, sanaitaye. Mu 1929 anathandiza kuyambitsa kampeni ya nyuzipepala ya Herald yophunzitsa ana kusambira, ndipo anaitsogolera kwa zaka zoposa 20. Cholinga chake chinali kuchepetsa imfa za ana omira m'mitsinje, m'madamu ndi m'nyanja. Mu 1932 anapita ku Olimpiki ya ku Los Angeles monga mmodzi wa oyendetsa mipikisano yosambira. Anaperekanso ndalama zambiri ku yunivesite ya Melbourne zomangira malo a masewera okhala ndi dziwe losambirira, omwe amatchedwa Beaurepaire Centre.

Olimpiki ya ku Melbourne ndi imfa yake

Nkhondo yachiwiri itatha, Beaurepaire anali mmodzi wa atsogoleri a gulu lomwe linkafuna kuti Olimpiki ichitikire ku Melbourne. Anayenda maulendo kukakopa mamembala a komiti ya Olimpiki ya dziko lonse, ndipo pa msonkhano wa ku Rome mu 1949 Melbourne inagonjetsa Buenos Aires ndi mavoti 21 kwa 20. Aka kanali koyamba kuti masewerawa aperekedwe ku mzinda wa kummwera kwa mzere wa ikweta.

Iye sanawaone. Pa 29 Meyi 1956 anamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima akumetedwa tsitsi mu hotela ya Windsor ku Melbourne, ali ndi zaka 65. Masewerawo anatsegulidwa pa 22 Novembala chaka chomwecho. Osambira a ku Australia anatenga mamendulo 8 a golide. Murray Rose, wa zaka 17, anapambana mamita 400 ndi mamita 1,500, komanso anali mu timu yomwe inapambana mpikisano wolandizana wa mamita 200. Iyi ndi mipikisano itatu yomwe Beaurepaire anapatamo mamendulo ake onse.

Mwana wake, Ian Beaurepaire, anapitiriza kuyendetsa kampani ya banjalo ndipo nayenso anakhala mfumu ya mzinda wa Melbourne kuchokera mu 1965 mpaka 1967. Mu 1967 dzina la Frank Beaurepaire linaikidwa m'nyumba yolemekeza akatswiri osambira a dziko lonse ya International Swimming Hall of Fame, yomwe ili ku Fort Lauderdale m'dziko la America.